Mpopi ukatulutsa madzi oipa, afunsidwe ndani?

Dziko la South Africa lidagawa ulamuliro pakati pa boma lalikulu, maboma a zigawo 9 ndi makhonsolo 257. Zomwe zachitika mumzinda wa Tshwane zikuonetsa mphamvu ndi zofooka za dongosololi.

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2023, chipatala cha Jubilee ku Hammanskraal, dera lomwe lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa Pretoria, chidadzaza ndi anthu otsegula m'mimba ndi kusanza. M'masabata owerengeka, matenda a kolera adapha anthu oposa 20. Mfumu ya mzinda wa Tshwane panthawiyo, a Cilliers Brink, itapita kukazonda odwala, anthu olusa adaithamangitsa pachipatalapo.

Mkwiyo wa anthuwo sudayambe ndi kolera. Kwa zaka zambiri madzi a m'mipopi yawo adali osayenera kumwa, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikolo lidanena zimenezi poyera mu 2019. Malo oyeretserako madzi a m'zimbudzi a Rooiwal adali kulandira nyansi zochuluka kuposa mphamvu yake, choncho zina zinkatayikira mumtsinje wa Apies zisanayeretsedwe bwino. Mtsinjewu umathira m'damu la Leeukraal, momwe malo oyeretsera madzi akumwa a Temba ankatungamo madzi opita m'makomo.

Funso lomwe lidali pakamwa pa aliyense lidali lakuti: wolakwa ndani? Yankho lake silidali limodzi. Malo a Rooiwal, malo a Temba ndi mapaipi onse ndi a khonsolo ya mzinda wa Tshwane. Chipatala cha Jubilee chimayendetsedwa ndi boma la chigawo cha Gauteng, lomwe likulu lake lili ku Johannesburg. Mitsinje ndi madamu, pamodzi ndi udindo wodzudzula aliyense woipitsa madzi, zili m'manja mwa unduna wa za madzi wa boma lalikulu, womwe maofesi ake ali ku Pretoria komweko. Mayi wa ku Hammanskraal yemwe adataya mwana adali pansi pa maboma atatu, ndipo lililonse lidali ndi poloza chala.

Likulu la dziko, koma mlendo pa zina

Mzinda wa Pretoria ndi malo abwino ophunzirirapo za kagawidwe ka mphamvu. Pamwamba pa phiri la Meintjieskop pali nyumba zotchuka za Union Buildings, zomwe zidamalizidwa mu 1913, momwe muli ofesi ya mtsogoleri wa dziko. M'misewu ya mumzindawu muli malikulu a maunduna, nthambi yosunga chuma cha boma, bungwe lotolera misonkho la SARS, banki yaikulu ya dzikolo komanso maofesi a akazembe, kuphatikizapo a Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Komabe mtsogoleri wa dziko sangalamule kuti zinyalala za pamsewu wodutsa kunsi kwa ofesi yake zichotsedwe mawa. Imeneyo ndi ntchito ya khonsolo ya Tshwane, yomwe idakhazikitsidwa mu Disembala 2000 pophatikiza Pretoria ndi matauni ozungulira, ndipo malinga ndi kalembera wa 2022 imasamalira anthu pafupifupi 4 miliyoni. Sangalembenso ntchito mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale ku Mamelodi kapena ku Soshanguve, pakuti aphunzitsi amalembedwa ndi nthambi ya maphunziro ya chigawo.

Mmalawi yemwe wapita ku Joni kukafuna maganyu amakumana ndi maboma atatuwa ngakhale sawasiyanitsa. Chilolezo chokhalira m'dzikomo chimachokera ku unduna wa za m'dziko, womwe ndi wa boma lalikulu. Akadwala n'kugonekedwa ku chipatala cha Kalafong kapena Steve Biko, amakhala m'manja mwa chigawo. Akafuna malo ogulitsirapo malonda m'mbali mwa msewu, mwini chilolezo ndi khonsolo. Wapolisi wofufuza mlandu wakuba ndi wa boma lalikulu, pamene wapolisi wa Metro womuimitsa pamsewu ndi wa mzinda.

Mantha a mbali ziwiri

Dongosololi lidabadwa pa zokambirana zothetsa ulamuliro wa tsankho. Kuyambira 1910 dzikolo lidali ndi zigawo 4: Cape, Natal, Transvaal ndi Orange Free State. Mphamvu zenizeni zidali ku boma lalikulu, ngakhale maderawo adagawana ulemu wa malikulu. Pretoria adatenga maunduna, Cape Town Nyumba ya Malamulo ndipo Bloemfontein bwalo lalikulu la apilo. Pambuyo pake boma la atsamunda achizungu lidadula madera 10 oti anthu akuda azikhalamo malinga ndi mitundu yawo. Anayi mwa maderawo, Transkei, Bophuthatswana, Venda ndi Ciskei, adapatsidwa ufulu wachiphamaso womwe palibe dziko lina lidauvomereza. Matauni a Ga-Rankuwa, Mabopane ndi Temba, omwe lero ali mu Tshwane, adali mbali ya Bophuthatswana.

N'chifukwa chake pamene zokambirana zidayamba ku Kempton Park mu Disembala 1991, chipani cha ANC chidakayikira kwambiri ganizo lopatsa zigawo mphamvu zochuluka. Kwa iwo kugawa dziko kudali kununkha tsankho lomwelo, ndipo ankaopa kuti madera olemera adzadzitsekera ndi chuma chawo. Mbali inayi, chipani cha National Party cha a F.W. de Klerk ndi cha Inkatha Freedom Party cha a Mangosuthu Buthelezi zinkaopa boma lalikulu lamphamvu zopanda malire lolamulidwa ndi chipani chimodzi. Chipani cha Inkatha chidakana kulowa nawo chisankho mpaka patatsala sabata imodzi kuti anthu aponye voti pa 27 Epulo 1994.

Mgwirizano womwe udapezeka udali wapakati. Padakhazikitsidwa zigawo 9, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo ndi mtsogoleri wake wotchedwa Premier. Padalembedwanso mfundo 34 zomwe malamulo aakulu atsopano adayenera kuzitsata. Pachisankho cha 1994 chipani cha ANC chidapambana m'dziko lonse, koma National Party idatenga chigawo cha Western Cape ndipo Inkatha idatenga KwaZulu-Natal. Ogonja pampando waukulu adapeza polamulira, chinthu chomwe chidathandiza kuziziritsa mitima pa nthawi yomwe magazi adali kukhetsedwa.

Mfundo 34 zija zidagwiradi ntchito. Aphungu atavomereza malamulo aakulu atsopano mu Meyi 1996, bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko lidawabweza pa 6 Sepitembala chaka chomwecho. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti mphamvu za zigawo zidachepetsedwa kwambiri poyerekeza ndi zomwe zidalonjezedwa. Tsiku lomwelo bwalolo lidakananso malamulo omwe chigawo cha KwaZulu-Natal chidadzilembera, ponena kuti chidadzipatsa mphamvu zosakhala zake. Malamulo okonzedwanso adasainidwa ndi a Nelson Mandela ku Sharpeville pa 10 Disembala 1996 ndipo adayamba kugwira ntchito pa 4 Febuluwale 1997.

Ntchito iyi n'njayani?

Malamulo a 1996 satchula dzikolo kuti ndi chitaganya. Amangonena kuti boma lili ndi mbali zitatu zosiyana koma zodalirana, ndipo mutu wachitatu wa malamulowo umalamula mbalizo kugwirira ntchito limodzi, kulemekezana ndi kuyesa njira zonse zokambirana zisanatengerane kukhoti. Khonsolo si nthambi ya unduna monga zilili m'maiko ambiri a kuno. Mphamvu zake zidalembedwa m'malamulo aakulu, ndipo nduna singazilande mwachisawawa.

Kumapeto kwa malamulowo kuli mindandanda iwiri. Ndandanda wachinayi ukutchula ntchito zomwe boma lalikulu ndi zigawo zimachitira limodzi: maphunziro kupatula a ukachenjede, zaumoyo, nyumba, ulimi, zachilengedwe, chisamaliro cha anthu ovutika, zokopa alendo ndi mayendedwe. Pa ntchito zimenezi, kawirikawiri boma lalikulu limakonza mfundo ndi miyezo, pamene zigawo ndizo zimayendetsa sukulu ndi zipatala tsiku ndi tsiku. Ndandanda wachisanu ukutchula ntchito za zigawo zokha, ndipo ndi waufupi: ma ambulansi, malo ophera nyama, ziphaso zogulitsira mowa, nyumba zowerengeramo mabuku, misewu ya m'chigawo, masewera ndi chikhalidwe cha m'chigawo. Makhonsolo adapatsidwa madzi akumwa, zimbudzi, kugawa magetsi m'makomo, kuchotsa zinyalala, misika, manda, ozimitsa moto ndi misewu ya m'tauni.

Ntchito iliyonse yosatchulidwa pa mindandandayi ndi ya boma lalikulu. Umu ndi momwe muli chitetezo cha dziko, ubale ndi maiko ena, migodi, makhoti ndi zolowa ndi kutuluka m'dziko. Apa dzikoli likusiyana ndi United States, komwe mphamvu zosatchulidwa zimatsalira madera, popeza maderawo ndiwo adayamba kukhalapo kenaka n'kupanga boma lalikulu. Ku South Africa zigawo zidachita kupangidwa ndi malamulo a dziko. Apolisi nawonso ndi gulu limodzi la dziko lonse. Chigawo chimangoyang'anira kagwiridwe kawo ka ntchito, ngakhale mu 2013 bwalo lidagamula kuti mtsogoleri wa Western Cape, a Helen Zille, adali ndi ufulu wokhazikitsa komiti yofufuza apolisi a ku Khayelitsha.

Lamulo la dziko likasemphana ndi la chigawo pa ntchito yochitira limodzi, gawo 146 limafotokoza lopambana. La dziko limapambana ngati nkhaniyo ikufunika muyezo umodzi m'dziko lonse, kapena ikukhudza chitetezo, umodzi wa chuma ndi mwayi wofanana wolandira thandizo la boma. Kupanda apo, la chigawo ndilo limaima. Mu 1999 bwalo lidaonetsa m'mene malirewa amadulidwira pa nkhani ya mowa. Lidati boma lalikulu likhoza kulamulira ofulula ndi opikulitsa mowa, pakuti malonda awo amadutsa malire a zigawo, koma chiphaso cha mwini bala ndi nkhani ya chigawo.

Wosunga thumba

Mphamvu zolembedwa papepala zimayenda ndi ndalama, ndipo apa ndi pomwe boma lalikulu lidasunga chingwe. Msonkho wa pamalipiro, wa makampani, wa pa katundu wogula ndi wa pachipata zonse zimatoleredwa ndi SARS n'kulowa m'thumba limodzi. Zigawo siziloledwa kukhazikitsa misonkho ikuluikuluyi. Zimangotolera ndalama za ziphaso za galimoto, za juga ndi zolipira m'zipatala, zomwe sizifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zomwe zimagwiritsa ntchito. Zotsalazo zimachokera ku Pretoria.

Chaka chilichonse Nyumba ya Malamulo imakhazikitsa lamulo logawa ndalama, itamva uphungu wa bungwe loima palokha la Financial and Fiscal Commission. M'zaka zaposachedwa, pa R10 iliyonse yogawidwa boma litapatula yobwezera ngongole, pafupifupi R5 yakhala ikutsala ku maunduna, R4 kupita ku zigawo ndipo R1 ku makhonsolo. Gawo la chigawo chilichonse silitengera kukondera kwa nduna. Pali njira yowerengera yodziwika kwa onse: magawo 48 pa 100 amatengera chiwerengero cha ana a sukulu, 27 zofunika za umoyo, 16 chiwerengero cha anthu, 5 amagawidwa mofanana, 3 amatengera umphawi ndipo 1 yekha ndiye amatengera kukula kwa chuma cha chigawocho.

Zotsatira zake n'zakuti misonkho yotoleredwa ku Gauteng, chigawo chaching'ono kwambiri pa malo koma chokhala ndi anthu oposa 15 miliyoni, imalipira aphunzitsi ndi anamwino ku Limpopo ndi ku Eastern Cape. Umu ndi momwe mantha a ANC aja adayankhidwira. Koma mtengo wake ndi wakuti boma la chigawo limawononga ndalama zomwe silidatolere, ndipo zambiri zimathera ku malipiro omwe amakambidwa pa dziko lonse. Zinthu zikavuta, chigawo chimati ndalama zidachepa, pamene nthambi ya chuma imati zidatumizidwa koma sizidasamalidwe.

Mizinda ikuluikulu ngati Tshwane ili pena. Iyo imadzipezera yokha ndalama zambiri kudzera mu msonkho wa nyumba ndi malo komanso malipiro a magetsi ndi madzi. Ufulu umenewu uli ndi msampha wake. Anthu akapanda kulipira, kapena khonsolo ikalephera kutolera, ngongole kwa Eskom ndi kwa mabungwe ogulitsa madzi imakula, ndipo ntchito yokonza mapaipi ndi malo ngati Rooiwal ndiyo imayamba kusiyidwa.

Mawu a zigawo ku Cape Town

Kuti zigawo zisamangolandira malamulo opangidwa kwina, Nyumba ya Malamulo ili ndi zipinda ziwiri. China ndi cha aphungu 400 osankhidwa ndi anthu. Chinacho ndi nyumba ya zigawo, National Council of Provinces, yomwe idatengera zina ku dongosolo la dziko la Germany. Muli nthumwi 90, khumi kuchokera ku chigawo chilichonse, kotero kuti Northern Cape, yomwe ili ndi anthu osakwana 1.5 miliyoni, ili ndi mawu ofanana ndi Gauteng. Pa malamulo okhudza zigawo, chigawo chilichonse chimaponya voti imodzi ndipo pamafunika zigawo 5 kuti lamulo lidutse. Kusintha malamulo aakulu pa nkhani yokhudza zigawo kumafuna zigawo 6.

Kulambalala njira imeneyi kumagwetsa lamulo. Mu 2010 bwalo lidathetsa lamulo la 2004 lokhudza malo a m'midzi, kaamba koti aphungu adalidutsitsa ngati lamulo wamba pomwe linkakhudza kwambiri ntchito za zigawo. Mu 2006 bwalo lomwelo lidapeza kuti nyumba ya malamulo ya KwaZulu-Natal sidafunse anthu a ku Matatiele dera lawo lisanasamutsidwire ku Eastern Cape. Anthu a ku Khutsong, omwe adasamutsidwira ku North West m'nyengo yomweyo, adachita zionetsero kwa zaka mpaka adabwezeredwa ku Gauteng mu 2009. Iwo ankadziwa kuti malire a chigawo ndiwo amanena chipatala ndi sukulu zomwe munthu adzalandire.

Chofooka cha nyumba ya zigawo chakhala chakuti nthumwi zimamvera chipani kuposa chigawo. Kwa zaka zambiri ANC inkalamulira zigawo 8 mwa 9, ndipo mikangano yambiri inkathera m'zipinda za chipani. Chisankho cha 2024 chidasintha zinthu. Chipani cha ANC chidapeza mavoti pafupifupi 40 pa 100 alionse m'dziko lonse, chidalephera kupeza theka ku Gauteng, ndipo utsogoleri wa KwaZulu-Natal udapita kwa a Thami Ntuli a Inkatha.

Kulowa m'munda wa mnzako

Malamulo adaoneratu kuti boma lina likhoza kulephera ntchito. Gawo 100 limalola boma lalikulu kulowerera m'chigawo, ndipo gawo 139 limalola chigawo kulowerera m'khonsolo. Mu Disembala 2011 boma lalikulu lidatenga nthambi 5 za chigawo cha Limpopo chitatsala pang'ono kulephera kulipira antchito. Chaka chotsatira ana a sukulu kumeneko adakhala miyezi yambiri opanda mabuku, ndipo bungwe la Section27 lidatengera nkhaniyo ku khoti lalikulu la ku Pretoria, lomwe lidalamula kuti mabukuwo aperekedwe. Izi zidachitika nthambi ya maphunziro ili kale m'manja mwa boma lalikulu, umboni wakuti kulanda ntchito sikutanthauza kuikhoza. Mu 2018 chigawo chonse cha North West chidaikidwanso pansi pa gawo 100.

Mzinda wa Tshwane udalawa gawo 139 mu 2020. Pachisankho cha makhonsolo cha 2016 chipani cha ANC chidataya mzindawu, ndipo Democratic Alliance idayamba kuulamulira mothandizidwa ndi zipani zina. Mgwirizanowo utasokonekera, makhansala a ANC ndi a EFF adayamba kutuluka m'misonkhano, kotero kuti chiwerengero chofunika popanga ziganizo sichinkakwana. Mfumu ya mzinda, a Stevens Mokgalapa, itatula pansi udindo mu Febuluwale 2020, khonsolo idalephera kusankha ina. M'mwezi wa Malichi boma la Gauteng, lotsogozedwa ndi a David Makhura a ANC, lidathetsa khonsoloyo n'kuika anthu osankhidwa ndi chigawo kuti ayendetse mzinda.

Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo nkhaniyo idathera kukhoti. Mu Epulo 2020 khoti lalikulu la ku Pretoria lidati chigawo chidalakwitsa. Makhansala adabwerera mu Okutobala ndi kusankha a Randall Williams kukhala mfumu ya mzinda. Mu Okutobala 2021 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko lidatsimikiza kuti kuthetsa khonsolo kudali kosaloledwa, popeza padali njira zina zocheperapo, monga kufufuza ndi kulanga makhansala othawa misonkhano. Chigamulochi chidateteza voti ya anthu a mumzinda ku boma lapamwamba lachipani china. Koma kwa miyezi pafupifupi 7 likulu la dziko lidali lopanda makhansala, pa nthawi yomwe mliri wa Covid-19 udali utavuta, ndipo nyansi za ku Rooiwal zidapitirira kutsikira mumtsinje.

Ku Hammanskraal zinthu zidayamba kusuntha maliro a 2023 atachitika. Mtsogoleri wa dziko, a Cyril Ramaphosa, adapita kuderalo mu Juni, ndipo unduna wa za madzi ndi khonsolo adagwirizana zogawana ntchito. Bungwe la Magalies Water, lomwe lili pansi pa undunawo, lidapatsidwa ntchito yomanga malo atsopano oyeretsera madzi ku Klipdrift, pamene khonsolo idatsala ndi udindo wokonza Rooiwal. Kumayambiriro kwa 2025 madera ena adayamba kulandira madzi ochokera ku Klipdrift. Palibe lamulo latsopano lomwe lidafunika kuti mgwirizanowu utheke. Mutu wachitatu wa malamulo aakulu udali ukulamula zimenezi kuyambira 1997.

Mpeni wakuthwa konsekonse

Pali nthawi yomwe ufulu wa zigawo udapulumutsa miyoyo. Pamene boma lalikulu linkazengereza kupereka mankhwala oteteza ana obadwa kwa amayi omwe ali ndi kachilombo ka HIV, chigawo cha Western Cape chidayamba ntchitoyi pachokha ku Khayelitsha mu 1999. Kumayambiriro kwa 2002 atsogoleri a KwaZulu-Natal ndi Gauteng adalengeza kuti nawonso afalitsa mankhwala a nevirapine m'zipatala zawo. Pofika Julayi 2002, pamene bwalo lidalamula boma kuchotsa ziletso pa mankhwalawa, zigawozo zidali zitaonetsa kale kuti ntchitoyo ndi yotheka.

Ufulu womwewo udabweretsanso chisoni. Mu 2016 nthambi ya zaumoyo ya Gauteng, pofuna kupulumutsa ndalama, idachotsa odwala matenda a maganizo m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwatumiza ku mabungwe osakonzeka, ena mwa iwo a mu Tshwane. Anthu 144 adamwalira. Chiganizocho chidapangidwa ndi akuluakulu a chigawo pogwiritsa ntchito mphamvu zawo zovomerezeka, ngakhale abale a odwala ndi madokotala adachenjeza.

Nkhani ya misewu ikuonetsa mbali ina. Msewu waukulu wa N1 wolumikiza Pretoria ndi Johannesburg uli m'manja mwa bungwe la dziko la Sanral, lomwe mu Disembala 2013 lidayamba kulipiritsa oyendetsa galimoto kudzera m'makina a e-toll. Anthu ambiri adakana kulipira, ndipo mkwiyo wawo udagwera atsogoleri a chigawo omwe sadali eni msewuwo. Mu 2022 padagwirizanidwa kuti boma lalikulu lisenze magawo 70 pa 100 a ngongoleyo ndipo Gauteng isenze 30. Makinawo adazimitsidwa mu Epulo 2024.

Phunziro kwa oyandikana nawo

Ku Malawi mawu oti chitaganya amakumbutsa zowawa za mgwirizano wa Rhodesia ndi Nyasaland wa 1953 mpaka 1963, womwe udakakamizidwa pa anthu osaufuna. Komabe kuyambira chisankho cha 2014 nkhani ya boma la fedulo yakhala ikubuka kawirikawiri, makamaka pakati pa anthu a m'chigawo cha kumpoto omwe amadandaula za kagawidwe ka chitukuko. Dzikolo lili ndi lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu kuyambira 1998, koma makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, padatha zaka 9 popanda ena. Ku South Africa, kumene makhonsolo ndi otetezedwa m'malamulo aakulu ndipo makhoti amaumirira chitetezocho, ngakhale kuthetsa khonsolo imodzi kudakanidwa.

Ku Mozambique malamulo adasinthidwa mu 2018, ndipo kuyambira chisankho cha 2019 abwanamkubwa a zigawo monga Tete ndi Niassa amachokera m'mavoti a anthu. Koma m'chigawo chilichonse mtsogoleri wa dziko amaikamonso nthumwi yake, ndipo malire a ntchito za awiriwa akhala akudzetsa mkangano. Ku Zambia boma lidakweza thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu bajeti ya 2022, njira yotumiza ndalama kumidzi popanda kukhazikitsa maboma a zigawo.

Zomwe zachitika ku South Africa zikusonyeza kuti dzina la dongosolo si ndilo lofunika kwambiri. Chidapindulitsa dzikolo ndi njira yoonekera yogawira ndalama, makhoti otha kuuza boma lililonse kuti ladumpha malire, ndi mwayi woti chipani chogonja pampando waukulu chilamulire kwina n'kuonetsa ntchito zake. Chidalivuta ndi ntchito zogawana zomwe zilibe mwini mmodzi woyankha, zigawo zodalira thumba la wina, ndi nyumba 9 za malamulo zomwe zimadya ndalama pomwe malamulo omwe zimapanga ndi ochepa. Kugawa mphamvu sikudachotse katangale kapena ulesi. Kudangochulukitsa maofesi momwe zinthuzi zingapezeke, pamodzi ndi maofesi momwe zingadzudzulidwe.

Mutu umodzi susenza denga, koma denga losenzedwa ndi anthu ambiri limafuna kuti aliyense adziwe ngodya yake. Maiko omwe akulingalira zopereka mphamvu ku zigawo kapena ku makhonsolo ali ndi mafunso atatu oyenera kuyankhidwa malire asanajambulidwe pamapu. Ntchito iliyonse ili ndi mwini wodziwika? Ndalama zoigwirira zidzafika kwa mwiniyo mwa lamulo, kapena mwa chifundo cha nduna? Nanga mwiniyo akalephera, ndani adzamudzudzule, ndipo pasanathe nthawi yaitali bwanji?